Kuukitsa lumo lakale lopinda limene lachita dzimbiri

Lumo limene ndikunena pano si lezala yogula pagolosale ija, yomwe timametera kawiri katatu n'kuitaya. Ndi lumo lopinda ngati mpeni wa m'thumba, lomwe azibambo ankametera ndevu King Camp Gillette asanayambe kugulitsa malezala otaya mu 1903. Ambiri mwa malumo amenewa anasulidwa ku Sheffield ku England ndi ku Solingen ku Germany, ena ku Thiers ku France ndi ku Eskilstuna ku Sweden. Lero mungalipeze m'sutukesi ya agogo amene anakagwirako ntchito ku Joni kapena ku Harare, pamsika wa zinthu zakale ku Johannesburg, kapena kwa inu amene muli ku Mangalande, pamisika ya Lamlungu ija anthu amayala katundu kumbuyo kwa galimoto. Kulikonse kumene mungalipeze, kawirikawiri limakhala litachita dzimbiri.

Chifukwa chake n'chakuti anawasula ndi chitsulo cholimba kwambiri, chokhala ndi kaboni wambiri. Chitsulo chotere chimanoleka mpaka kufika poti tsitsi likangochikhudza liduke, koma chimadana ndi chinyezi. Kadontho kamodzi ka madzi kakagona pa lumo, m'mawa mupezapo banga. Ndiye taganizani lumo loti lakhala m'sutukesi zaka 60, dzinja ndi dzinja.

Musanatole chida chilichonse, dziwani kuti chitsulo chimene mwapala sichibwereranso. Lumo n'lopyapyala, penapake ngati pepala. Anthu ambiri amaliwononga pofuna kuti liwale ngati kalilole, kuiwala kuti ntchito yake n'kumeta. Kwa ine, lumo la zaka 100 lokhala ndi timabanga takuda koma lometa bwino liposa lonyezimira lomwe lakwechedwa mpaka dzina la wolisula linafufutika.

1. Liyang'aneni kaye, si lililonse lotheka kuukitsa

Tulukani nalo panja padzuwa, mulitsegule mosamala. Ngati muli ndi galasi lokulitsa zinthu, tengani. Poyamba yang'anani mng'alu m'mbali yakuthwa. Mng'alu ungakhale waung'ono ngati tsitsi, koma ukangopezeka nkhani yatha: lumo limenelo liikeni pashelefu likhale chikumbutso cha agogo, lisafikenso pankhope.

Kenako onani pamene dzimbiri lakhala. La pamsana, la pakhosi pomwe pali dzina, ndi la kumchira, silodetsa nkhawa chifukwa malo amenewo chitsulo n'chochindikala. Loopsa ndi limene lili m'mphepete mwenimweni mothwa. Dzimbiri limakumba timaenje, ndipo timaenje tikakhala m'mbali yakuthwa mumati mukanola, kachitsulo n'kubenthuka, mukanolanso n'kukumana ndi kadzenje kena kutsogolo. Malumo ena mumanola mpaka theka lonse kutha musanafike pa chitsulo chabwino.

Dzimbiri lilinso mitundu iwiri. Lofiira, lofumbutuka ngati dothi la katondo, ndi lamoyo, likudyabe chitsulo, ndipo liyenera kuchoka lonse. Mabanga akuda kapena otuwa osalala ndi chipsera chabe. Mungawasiye osataya kanthu.

Imikani mbali yakuthwa pagalasi losalala, mosakanikiza, muyang'ane kuwala kodutsa pansi. Ngati pakati pakhudza galasi koma nsonga ndi chidendene (mapeto a mbali yakuthwa oyandikana ndi pakhosi) zakwera pang'ono, palibe vuto, malumo ambiri akale a ku Sheffield anawasula choncho. Koma ngati nsonga ndi chidendene zakhudza, pakati n'kutsala mpata, ndiye kuti wina analinola molakwika kwa zaka zambiri, ndipo kuliwongola kudzafuna ntchito yochuluka. Pobenthuka posapitirira milimita imodzi pamatha ndi mwala. Popitirira apo, dzifunseni ngati lumolo n'loyeneradi thukuta lanu.

Pali matenda ena amene amachokera ku chogwirira. Malumo ambiri a zaka za m'ma 1900 ali ndi chogwirira cha pulasitiki wakale wotchedwa celluloid. Pulasitiki ameneyu akakalamba amayamba kuwola n'kumatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo. Chizindikiro chake n'chosavuta: dzimbiri limakhala mbali yokhayo imene imabisala m'chogwirira lumo likatsekedwa, msana wotsala kunja uli bwinobwino, ndipo nthawi zina mumamva kafungo kowawasa. Chogwirira chotere sichichira. Chichotseni, muchitaye kutali ndi moto chifukwa celluloid amayaka ngati petulo, ndipo musachisunge pamodzi ndi malumo ena, chingawapatsire.

2. Werengani pakhosi

Pakhosi pa lumo pamakhala dzina la wolipanga. Mukaona Wade & Butcher, Joseph Rodgers & Sons kapena George Wostenholm, amenewo ndi a ku Sheffield. Dovo, Böker, Puma ndi J.A. Henckels ndi a ku Solingen. C.V. Heljestrand ndi wa ku Eskilstuna, Thiers-Issard wa ku France, Filarmonica wa ku Spain. Onsewa ndi chitsulo chabwino. Pali kanjira kongoyerekezera zaka: dziko la America linakhazikitsa lamulo mu 1890 loti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko lochokera, choncho lumo lolembedwa "Sheffield, England" nthawi zambiri n'la pambuyo pa 1891, pamene lolembedwa "Sheffield" pokha lingakhale lakale kuposa apo.

Siyanitsani zolemba zodinda mozama ndi zojambula zapamwamba. Dzina lodindidwa pakhosi limapirira kukwecha pang'ono. Koma maluwa, mawu ndi golide zimene zimakhala pankhope ya lumo n'zosazama. Sandipepa akadutsapo kangapo zapita. Jambulani chithunzi ndi foni musanayambe, ndipo musankhiretu: mukufuna kusunga zojambulazo pamodzi ndi mabanga ake, kapena mukufuna chitsulo choyera chopanda kanthu? Zonse ziwiri sizingatheke.

Onaninso kasulidwe kake poliyang'ana chakunsonga. Lina limakhala lochindikala kuchokera kumsana mpaka kunsi ngati kankhwangwa. Limeneli limapirira kukwecha. Lina analigoba mbali zonse ziwiri mpaka kunsi kunapyapyala kwambiri, moti limalira mukamameta. Ambiri a ku Solingen ndi otere, ndipo mukawakanikiza ndi chala mwamphamvu amathyoka.

3. Zofunika kukhala nazo

Sopo ndi mswachi wakale. Mafuta opepuka, a makina osokera kapena WD-40. Sandipepa wakuda wogwiritsa ntchito ndi madzi, amene amagwiritsa ntchito opopera magalimoto penti, wa manambala 320, 400, 600, 800, 1000, 1500 ndi 2000. Polishi wa zitsulo monga Autosol. Tepi yakuda ya amagetsi. Nsanza zofewa za thonje. Ngati mudzamasula chogwirira mudzafunanso katupa kosalala, kanyundo kakang'ono, waya wa mkuwa wa mamilimita 1.6 ndi tiwashala take. Za miyala yonolera tikamba patsogolo.

Pa mndandandawu mulibe gilayinda kapena makina ena aliwonse ozungulira, ndipo si kuti ndaiwala.

4. Libunthitseni dala

Lumo lochita dzimbiri limachekabe, ndipo bala lake limakhala lozama. Poti mudzalinolanso kuyambira pachiyambi, palibe chimene mukutaya polibunthitsa. Yendetsani mbali yakuthwa kawiri katatu, mopepuka, pakamwa pa botolo lagalasi. Kenako muigwire ntchito lumolo litagona chafufumimba pa kathabwa kosalala, mbali yakuthwa itakhudza thabwalo, osati lili m'malere m'manja. Ena amabisa maginito m'thabwamo kuti lumo lisamayendeyende. Ana asakhale pafupi, ndipo likapulumuka m'manja musaliwakhe. Chotsani mapazi ligwe.

5. Kumasula chogwirira kapena ayi

Ngati dzimbiri lili pankhope yokha ndipo lumo likutseguka bwino, musamasule. Zogwirira zakale za nyanga kapena fupa zimang'aluka msanga pochotsa kamsomali. Litsiro la pamfundo pomwe lumo limapindikira mungalichotse ndi ulusi wopaka polishi, kuulowetsa pakatipo n'kumaukoka uku ndi uku.

Koma ngati pamfundopo pali dzimbiri lofiira, kapena chogwirira chathyoka kapena chikuwola, masulani. Kamsomali kofunika kuchotsa ndi kamodzi kokha, ka pamfundo. Matani tepi mozungulira kamutu kake kuti tupa asakande chogwirira, mupale kamutuko pang'onopang'ono mpaka washala atasuka. Ikani lumo pa thabwa loboola kabowo, kamsomali kali pamwamba pa bowolo, n'kukagogoda ndi kamsomali kena kopyapyala kobuntha. Kakakana musakakamize, nthawi zambiri kamakhala kopindika m'kati. Patulani mbali imodzi ya chogwirira pang'onopang'ono ndi lezala, mudule kamsomaliko pakati. Tiwashala takale tisungeni m'kachitini, chifukwa ena anali okongola ndipo simudzawapezanso.

6. Yambani ndi njira yofatsa

Tsukani ndi sopo ndi mswachi, mupukute mpaka liume. Pakani mafuta ambiri pa dzimbiri, mulisiye usiku wonse. M'mawa dzimbiri lofiira limakhala litafewa. Lipaleni ndi lezala yakale mutaigoneka, kapena ndi kachidutswa ka mkuwa, komwe n'kofewa kuposa chitsulo ndipo sikakanda. Chotsalacho kwechani ndi kapepala konyezimira ka aluminiyamu kofwinyafwinya konyowetsa ndi mafuta. Sitiliwulo wa m'khitchini wotsukira mapoto ngwokhakhala kwambiri. Woyenera ndi wosalala wolembedwa 0000.

Mukatero pakani polishi pansanza n'kukwecha kwa mphindi 10 kapena 15. Nsanza idzada bii, zimenezo ndiye zoyenera. Pukutani muone. Mudzadabwa kuti malumo ambiri amathera pomwepa, osafunanso sandipepa. Ngati lofiira lonse lachoka ndipo zotsala ndi timabanga totuwa, ine ndikanakhala inu ndikanalumpha gawo lotsatirali.

Mudzamva ena akunena zonyika lumo mu viniga kapena mu Coca-Cola. N'zoona kuti asidi amasungunula dzimbiri, koma sasankha: amadetsa chitsulo chonse n'kudyanso mbali yakuthwa imene ndi yopyapyala kale. Njira imeneyo isiyireni makasu ndi masipanala.

7. Sandipepa, kwa amene ali ndi mtima wodekha

Lamulo lake n'lakuti muyambe ndi nambala yosalala kwambiri imene ingathe kugwira ntchitoyo. Yesani 600 kaye. Ngati sikuchotsa, tsikirani ku 400, kenako 320. Nambala ikachepa sandipepa amakhakhala, ndipo mkwasa uliwonse umene wasiya mudzautaya nthawi kuufufuta ndi nambala zotsatira.

Dulani kachidutswa kakang'ono, mukakulunge pa chinthu chobulungira chofewa, monga kachidutswa ka paipi ya labala, kuti kalowe bwino m'mene lumo linagobekera. Dontheza mafuta pang'ono. Kwechani kuchokera kumsana kutsikira kunsi, osati kukwera, kuopa kuti pepala lingakodwe m'mbali yakuthwa n'kukuchekani. Mukasintha nambala sinthaninso njira: ngati 400 munayenda motsika, 600 muyende m'litali. Mukatero mumaona bwino ngati mikwasa ya nambala yapitayo yatha. Musapite ku nambala ina isanathe. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, ndipo amazindikira atafika ku 2000 kuti pansi pa kuwalako pali mizere yozama ya 320, n'kubwereranso poyambira.

Pali malo awiri oti muwapewe. Oyamba ndi m'mphepete mwenimweni mothwa. Achiwiri ndi m'mbali mwa msana, timizere tosalala tija tomwe timakhudza mwala ponola. Lumo silinoledwa ngati mpeni wa kukhitchini umene mumaupendeketsa ndi dzanja. Limagona lonse pamwala, ndipo kuchindikala kwa msana ndi kumene kumapereka kupendekeka koyenera, cha m'ma madigiri 16 kapena 17. Mukapala msana mbali imodzi kuposa inzake, lumo silidzagonanso bwino pamwala.

Timaenje tozama tisiyeni. Kuti kadzenje kamodzi kafufutike muyenera kutsitsa chitsulo chonse chozungulira kufika pansi pa kadzenjeko, ndipo pa lumo lopyapyala chitsulo chimenecho palibe. Chofunika n'chakuti m'kadzenjemo musatsale chofiira. Kolokosanimo ndi singano ndi mafuta, basi.

Ntchito imeneyi imatenga maola, nthawi zina madzulo atatu kapena anayi. Ine lumo langa loyamba ndinatopa nalo tsiku lachiwiri, n'kupita nalo kwa mnyamata wina wowotcherera zitsulo kuti angolidutsitsa pa makina ake. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Linabwera likuwala, koma kunsonga kunali kabanga kabuluu ngati khosi la nkhunda. Kabanga kameneko kanali chizindikiro chakuti chitsulo chapsa. Kulimba kwa lumo kumachokera m'kawotchedwe ndi kaziziritsidwe kake ku fakitale, ndipo likatenthedwanso kupitirira madigiri 200 limayamba kufewa. Mtundu wabuluu umabwera cha m'ma 300. Pamakina, mbali yopyapyala ija imafika pamenepo m'kuphethira kwa diso. Ndinalinola kangapo konse, koma kunsongako kunkabuntha ndisanamalize tsaya limodzi. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, anachita zimene ndinamupempha. Makina ang'onoang'ono ngati Dremel ali ndi vuto lomwelo, kuwonjezera pa lina lakuti akakola mbali yakuthwa amabenthula chitsulo n'kuchiponya kumaso.

Mukafika ku 2000, malizani ndi polishi, mupukute, mupake mafuta nthawi yomweyo. Chitsulo chongokwechedwa kumene chimachita dzimbiri msanga kuposa chakale.

8. Chogwirira

Ngati n'cha nyanga, chimakhala chouma, chotuwa, mwina chofunduka timagawo. Chinyikeni m'mafuta ofewetsera zikopa otchedwa neatsfoot kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako muchikweche ndi 600 mpaka 2000. Nyanga yooneka ngati yakufa imabwerera n'kukhala yakuda yonyezimira, nthawi zina yoonekera ngati uchi. Timabowo todyedwa ndi tizilombo mungatitseke ndi supagulu wosakaniza ndi fumbi la nyanga yomweyo. Chopindika chiviikeni m'madzi otentha kwa mphindi zingapo, muchipanikize pakati pa matabwa awiri mpaka chizizire.

Choyera chingakhale fupa, celluloid kapena mnyanga wa njovu. Fupa limakhala ndi timadontho takuda ting'onoting'ono. Mnyanga umakhala wosalala, wopyapyala kwambiri, wokhala ndi timizere tosaoneka bwino. Zoterezi ingotsukani ndi kansalu konyowa pang'ono. Ndipo ngati mukuganiza kuti n'cha mnyanga wa njovu, musachigulitse kapena kudutsa nacho pachipata cha dziko. Malamulo oteteza nyama zakutchire, ku Malawi ngakhalenso ku Britain, ndi okhwima pa nkhani ya minyanga.

Kupanga chatsopano si kovuta. Mtengo wolimba ngati mlombwa kapena phingo umachita bwino, ndipo zidutswa zotsala kwa akalipentala ndi osema ziboliboli n'zokwanira. Palani timatabwa tiwiri mpaka kuchindikala kwa mamilimita atatu kapena kucheperako pang'ono. Timatanitseni pamodzi ndi tepi yomata mbali zonse, mujambulepo chogwirira chakale, mudule ndi kuboola tili pamodzi kuti mabowo alingane. Kumapeto kwa chogwirira kumakhala kachidutswa kolekanitsa mbali ziwirizo. Kameneka sikakhala kofanana konse: n'kochindikala mbali yoyang'ana ku lumo, kopyapyala chakumapeto, ndipo ndi kamene kamachititsa kuti chogwirira chitambasuke pang'ono n'kumagwira lumo bwino. Ngati kakale kalipo kagwiritseni ntchito. M'malumo akale a ku Sheffield kamakhala ka mtovu, choncho sambani m'manja mukakagwira.

9. Kumanganso

Waya wa mkuwa wa mamilimita 1.6 amapezeka kwa owotcherera ndi gasi. Lowetsani wayayo motere: washala wakunja, mbali imodzi ya chogwirira, kawashala kopyapyala, lumo, kawashala kena kopyapyala, mbali inayo, washala wakunja. Dulani kuti mbali iliyonse kutsale pafupifupi milimita imodzi, musalaze ndi tupa. Tsamiritsani mbali imodzi pa chitsulo chosalala, monga mutu wa nyundo yaikulu, n'kumagogoda mbali inayo.

Kugogoda kwake n'kopepuka kwambiri, koti mutagogoda chikhadabo chanu simungamve kuwawa. Ena amagwiritsa ntchito kumbuyo kwa sipuni. Gogodani mozungulira m'mphepete mwa wayayo kakhumi, tembenuzani, kakhumi kwina, mpaka mutu ufutukuke ngati kabowa. Mukamenya kamodzi mwamphamvu waya amapindika m'kati kapena chogwirira chimang'aluka. Muziyesa kutseka pafupipafupi. Lumo lizilowa pakati osakhudza m'mbali, ndipo liziima lokha paliponse pamene mwalisiya, osagwa. Likamakhotera mbali imodzi, gogodani pang'ono chakumbali kwa mutuwo, muyese, mpaka libwerere pakati.

10. Kunola

Mwala wonolera zikwanje ndi mipeni, wa mbali ziwiri uja, usayandikire lumo, ngwokhakhala kwambiri. Pafunika miyala ya madzi ya manambala 1000, 4000 ndi 8000, ndipo ngati mungathe, wina wa 12000 womalizira. Mayina odziwika ndi King, Naniwa ndi Shapton a ku Japan, ndi Norton wa ku America amene ali ndi 4000 mbali ina, 8000 mbali ina. Ometa akale ku Ulaya ankadalira mwala wachikasu wotchedwa coticule, wokumbidwa kumapiri a Ardennes ku Belgium, ndipo mpaka lero akuukumbabe. Mukaupeza m'sutukesi momwe munali lumo, musautaye. Mwina mtengo wake uposa wa lumolo. Miyala imeneyi njodula ndipo kwathu kuno sipezeka wamba. Amene alibe angayambe ndi sandipepa wa 1000 ndi 2000 womata ndi madzi pagalasi lochindikala, ngakhale kuti pomalizira pamafunikabe chinthu chosalala kuposa pamenepo.

Mwala uyenera kukhala wosalala ndendende, ngakhale watsopano. Jambulani mizere yopingasana ndi pensulo pamwamba pake, muukweche pa sandipepa wa 400 wonyowa amene mwayala pagalasi, mpaka mizere yonse ifufutike.

Matani tepi yakuda imodzi pamsana wa lumo kuti usadyeke, ndipo muziisintha ikaperepeseka. Thirani madzi pamwala. Gonekani lumo, msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze. Likankheni mbali yakuthwa ili patsogolo, ngati mukufuna kusenda kachikopa ka mwalawo, uku mukulikokera pang'ono chakwanu kuti kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga kudutse pamwala. Mukafika kumapeto, litembenuzireni pamsana, osati pa mbali yakuthwa, n'kubwerera chimodzimodzi. Msana usanyamuke ngakhale kamodzi.

Ntchito yaikulu ili pa 1000. Apa ndi pamene mbali ziwiri za chitsulo ziyenera kukumana n'kupanga mpeni weniweni, ndipo ngati sizinakumane, miyala yotsatirayo ingowalitsa chinthu chobuntha. Pa lumo limene linali ndi dzimbiri mungathe ola lathunthu pamwala umodziwu. Kuti muone kumene mwala ukudya, pakani inki ya chekeni m'mphepete monse mbali zonse, muyendetse kawiri katatu, muyang'ane. Pamene inki yatsala, mwala sukufikapo. Kwa malumo okwera kunsonga ndi kuchidendene aja, muziyamba mwatsamira kuchidendene, kulemera kwa dzanja n'kumasunthira pakati mpaka kunsonga pamene lumo likuyenda. Pitirizani mpaka pobenthuka ponse patha, timaenje ta m'mphepete tatha, ndipo lumo likumeta ubweya wa pamkono pena paliponse, kuchidendene, pakati ndi kunsonga. Ngati malo amodzi akukana, musadzinamize kuti 4000 ikakonza. Khalani pomwepo.

Zikatheka apa, zotsalazo n'zachangu. Pa 4000 yendani maulendo 30 kapena 40, pa 8000 maulendo 20 kapena 30, pa 12000 maulendo 15 kapena 20, ndipo mphamvu izichepa mpaka pomaliza lumo lizingoyenda ndi kulemera kwake kokha. Tsukani lumo musanasinthe mwala, kuti mchenga wa mwala wokhakhala usapite pa wosalala.

11. Lamba

Chotsani tepi, muumitse lumo. Kolekani lamba wachikopa chosalala pa msomali kapena pachitseko, mumukoke akungike. Lamba wa m'chiuno wopanda zosokasoka ndi zodinda amatha kugwira ntchitoyi, ngakhalenso chikopa chomata pa thabwa. Apa kayendedwe n'kosemphana ndi ka pamwala: msana ndiwo umatsogola, mbali yakuthwa ikutsatira. Kutembenuza n'kwa pamsana pomwe. Maulendo 50 kapena 60, mosathamanga ndi mosakanikiza. Lamba akakhwepa kapena mukanyamula msana, mumabunthitsa m'kamphindi zimene mwavutikira tsiku lonse.

Kuti muyese, gwirani tsitsi limodzi lalitali kunsonga, muligwetsere pa lumo. Likaduka lokha, mwayandikira. Tsitsi lathu lopotanali silivomera bwino mayeso amenewa, choncho musakhumudwe. Ubweya wa pamkono ukamadukira m'malere lumo lisanakhudze khungu, n'chimodzimodzi.

12. Musanaliike pankhope

Simudziwa amene analigwiritsa ntchito, ndipo ngati munamupatsa munthu wina kuti akunolereni, mwina analiyesa pamkono pake. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo kwa masiku 7 kapena kuposa. Tsukani ndi sopo, kenako munyike chitsulo chokha, osati chogwirira, mu sipiriti kapena mu mankhwala a ometa otchedwa Barbicide kwa mphindi 10, n'kupukuta. Musaliwiritse, musaliwambe pamoto, ndipo musalinyike mu Jik chifukwa amadya chitsulo. Lumo limeneli n'la munthu mmodzi. Si lobwerekana, ndipo si lometera makasitomala kubabashopu. Kumeneko kumafunika lija losintha lezala pa munthu aliyense.

Tsiku loyamba metani masaya okha. Fewetsani ndevu ndi madzi ofunda ndi thovu lambiri, kungani khungu ndi dzanja linalo, ndipo msana wa lumo utalikire khungu pang'ono pokha, ngati kuchindikala kwa misana iwiri. Tsatirani kumene ndevu zagonera. Kwa ife a ndevu zopotana, kumeta mosemphana nazo ndi kumene kumabweretsa tiziphuphu tija ta pakhosi. Lumo likamakoka kapena kulumpha, musalikakamize, libwezereni ku mwala wa 1000.

Mukatha kumeta, tsukani chitsulo chokha mosamala kuti madzi asalowe pamfundo. Pukutani ndi tishu, mulowetsenso kachidutswa pakati pa chogwirira, muliyendetse pa lamba kakhumi kuti mbali yakuthwa iume, ndipo mulisiye lotsegula pang'ono kwa ola limodzi pamalo oti ana safikapo. Kubafa si kosungira lumo. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, muzilipaka kadontho ka mafuta a makina nthawi iliyonse mukatha kumeta, ndipo m'kabokosi kake muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano.